Mipando ya makireti yadzutsa tiyirumu ya ku Rivirivi

Dzuwa la ku Balaka silikhululukira mpando wa pulasitiki. Chaka choyamba umawala, woyera mbuu. Chachiwiri umatuwa, ukaugwira umakusiyira fumbi m'manja. Chachitatu mwendo wakumbuyo umang'aluka, ndipo munthu wamkulu ndi ulemu wake amapezeka ali chagada, tiyi ali pachifuwa. M'tiyirumu ya achemwali anga, kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi, mipando yonse inali itafika chaka chachitatucho. Ina inali yobooledwa ndi msomali wamoto n'kusokedwa ndi waya. Ina ankaisanjikiza iwiriiwiri kuti wothyoka kumanzere uthandizane ndi wothyoka kumanja. Panalinso benchi limodzi lotsamira khoma, lodyedwa ndi chiswe kunsi, ndi tebulo lopendama loti ukaikapo kapu yodzaza tiyi ankayamba kutayikira mbali imodzi.

Tiyi wa achemwali ndi wokoma, ndipo sindikunena chifukwa cha chibale. Saumira mkaka, masikono ndi zitumbuwa amaphika okha m'bandakucha. Koma anthu ankamwa chiimirire. Wakabaza ankaimika njinga pakhomo, kumeza mothamanga, kulipira, ulendo. Alimi a thonje, amene nyengo yogulitsa amakhala ndi kandalama m'thumba ndi nkhani zambiri pakamwa, ankagula sikono n'kukadyera pansi pa mtengo wa nimu kutsidya kwa msewu. Munthu woimirira saitanitsa kapu yachiwiri, ndipo achemwali ankadziwa zimenezi kuposa aliyense. Kungoti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mipando yatsopano m'masitolo a ku Balaka ankangoiyang'ana n'kudutsa.

Kamtunda pang'ono kuchokera patiyirumupo pali shedi ya amalume athu, mmisiri wa matabwa amene anaphunzira ntchito nthawi imene mlombwa ndi mbawa zinkapezeka osayenda mtunda. Kale akwati ankabwera kudzaitanitsa bedi, kabati ya mbale ndi mipando ya pabalaza. Mitengo ija inatha, yotsalayo inalowa m'matumba a makala amene mumawaona atandandalika m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Phalula. Makasitomala otsala anatengedwa ndi pulasitiki. Amalume anatsala ndi ntchito imodzi yosatha, mabokosi a maliro. Ankawakhoma bwino, mwaulemu wonse, koma munthu amene ntchito ya manja ake imakwiriridwa m'mawa mwake amasiya kuimba mluzu. Puleni yawo yaikulu inachita dzimbiri pa msomali. Ukadutsa masana unkawapeza atakhala pa chitsa, akumvera wailesi.

Mu 2024 mchimwene wathu wamng'ono anabwerako ku Joni. Anyamata ambiri a ku Balaka, Machinga ndi Mangochi amapita kumeneko. Iye anapeza ganyu m'shopu yokonza mipando ku Johannesburg, kusalaza matabwa ndi kupenta. Anabwera ndi dirilo ya batire, paketi yaikulu ya masikuluwu, ndi zithunzi zambiri m'foni. Atawona mipando ya achemwali sananene kanthu. Anamwa tiyi wake chiimirire, n'kulunjika kushedi.

"Malume, taonani ichi."

Amalume anaiyika foniyo patali ndi maso, anaiyandikizanso. "Limenelitu ndi bokosi la tomato, iwe. Wina wangolikhomera chotsamira."

"Ndi mpando, malume. Ku Joni anthu a ndalama amachita kuuitanitsa kuchokera ku Ulaya."

"Masikuluwu ali pamtunda chonchi? Amene anakhoma ameneyu anaphunzira kwa yani?"

Funso limenelo lili ndi yankho, ndipo ndi yankho limene linawagwira mtima amalume. Anaphunzira kwa bambo ake. Mwini nzeru ya mpandowo, Gerrit Rietveld, anabadwa mu 1888 mumzinda wa Utrecht ku Netherlands, mwana wa kalipentala. Anasiya sukulu ali ndi zaka 11 n'kulowa m'shopu ya bambo ake, ndipo mu 1917 anatsegula yakeyake. Cha m'ma 1918 anapanga mpando wa timitengo towongoka todutsana ndi matabwa awiri osalala, lina lokhalira, lina lotsamira. Patapita zaka zingapo anaupaka penti wofiira, wabuluu, wachikasu ndi wakuda, ndipo lero dziko lonse limaudziwa ndi mitundu imeneyo. Analowa m'gulu la akatswiri a zojambula lotchedwa De Stijl, lomwe linkafuna kuchotsa zokometsera zonse n'kusiya mizere yowongoka ndi mitundu yochepa. Mu 1924 anamanga nyumba ya mayi Truus Schröder ku Utrecht komweko, ya makoma a m'kati osuntha moti chipinda cham'mwamba chimatha kukhala chimodzi masana n'kugawika usiku. Bungwe la UNESCO linaiyika nyumbayo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2000. Nyumba yosungiramo zithunzi za Van Gogh ku Amsterdam inachokeranso pa mapulani ake, ngakhale inatsegulidwa mu 1973 mwini wake atamwalira kale mu 1964.

Mpando wa m'foni muja anaupanga mu 1934, chuma cha ku Ulaya chitagwa, anthu ambiri ali pa ulova. Rietveld anayang'ana makireti amene ankatumiziramo katundu, nawona kuti matabwa otchipawo ndi olimba ndipo amakhomedwa mosabisa kanthu. Anatenga matabwa a mtundu womwewo, onse ofanana m'lifupi, napanga mpando wa mbali ziwiri, pokhalira, potsamira ndi poika mikono, wokhala ndi mipata pakati pa thabwa ndi thabwa. Anawonjezera katebulo, desiki ndi shelefu ya mabuku. Sitolo ya Metz & Co ya ku Amsterdam inkagulitsa zimenezi zili zidutswazidutswa, wogula n'kukamanga yekha kunyumba ndi kupaka penti amene wafuna. Amisiri a nthawi imeneyo anakwiya, amvekere uku n'kunyoza ntchito ya ukalipentala. Mchimwene atafika pamenepa powafotokozera nkhaniyi, amalume anaseka mpaka kutsokomola, chifukwa mawu amene iwo anali atangonena kumene anali atanenedwa kale ku Amsterdam zaka 90 zapitazo.

Mipando ya Rietveld sinafe naye. Wothandizira wake wakale, Gerard van de Groenekan, anapitiriza kuipanga kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya ku Italy ya Cassina inagula chilolezo, ndipo kuyambira 1973 yakhala ikutulutsanso mpando wofiira ndi wabuluu uja. Mu 2023 kampani ya ku Denmark ya Hay, mogwirizana ndi Rietveld Originals, inatulutsanso mipando ndi matebulo a makireti, ndipo ndi chithunzi cha m'kabuku kawo chimene chinadutsa ku Johannesburg n'kufika ku Rivirivi. Makampani amenewa ndimawayamikira. Amasunga miyeso yeniyeni, amalipira eni chilolezo, ndipo popanda iwo mchimwene sakanauona mpandowo. Koma ine ndimati mpando umene unaganiziridwa munthu wa m'thumba mopepuka, nthawi ya mavuto, wa matabwa amene ena amataya, kwawo kwenikweni ndi malo onga athu ano, osati pakhonde la munthu wolemera pokha. Ndipo kudzipangira wekha si zachilendo pa mipando imeneyi: Peter Drijver ndi Johannes Niemeijer analemba buku lathunthu la zojambula ndi miyeso lothandiza munthu kuikhoma kunyumba kwake.

Amalume anavomera kuyesa umodzi, pofuna kusonyeza mwana wa mlongo wawo kuti chinthucho chidzagwedera.

Matabwa anachokera ku mapaleti, aja amabwera pansi pa simenti ndi feteleza m'masitolo aakulu a ku Balaka ndi ku Liwonde. Pano mchimwene anatiphunzitsa chinthu chimene anachitola ku Joni. Mapaleti odutsa malire a mayiko amakhala ndi chidindo pambali. Lolembedwa HT linaumitsidwa ndi kutentha, limenelo tengani. Lolembedwa MB linafukizidwa mankhwala a methyl bromide, limenelo lisiyeni, si loti pakhale munthu kapena chakudya. Anasankhanso opanda madontho a oilo kapena fungo lachilendo. Wakabaza wina anawanyamula, atatuatatu pa kaliyala, akuyenda mokhotakhota ndi katundu wotambalala kuposa njinga yake.

Kumasula paleti osang'amba thabwa ndi ntchito yofuna mtima wautali. Misomali yake ndi yopotapota, imakana kutuluka. Amalume anatsitsa puleni ija pa msomali, anaichotsa dzimbiri ndi sandipepala, ananola mpeni wake pa mwala wothira mafuta mpaka unameta ubweya wa pamkono. Thabwa loyamba linali lotuwa, lodetsedwa ndi simenti, la mabala a misomali. Puleni itadutsa kamodzi, kawiri, pansi pake panatuluka paini woyera wa mizere yachikasu, fungo lake linadzaza shedi yonse. Ana amene ankasewera panja analowa kudzatola zopalapala zopiringizikazo n'kumazivala m'makutu. Amalume sanawathamangitse. Anapala lachiwiri, lachitatu, anawandandalika pansi, n'kuyamba kuwayeza ndi tepi ndi sikweya kuti onse afanane m'lifupi. Apa ndi pamene anazindikira chimene chili m'mpandowu. Poti zolumikiza zonse zili poyera, palibe pobisa cholakwa. Thabwa likapendama pang'ono, mpata wa pakati umaulula. Sikuluwu ikalowa mokhota, aliyense aiona. Mmisiri amene moyo wake wonse ankanyadira kubisa mfundo za matabwa m'kati mwa mabowo osema ndi chizelo anapeza kuti ntchito yosabisa imafuna dzanja lowongoka koposa.

"Mzungu ameneyu sanali waulesi ayi," anatero, pensulo ili kukhutu. "Anali wochenjera."

Mpando wongoyesa uja utatha, amalume anakhalapo, anatsamira, anakhala chete kanthawi. Kenako anayamba kuupezera zifukwa, ndipo zifukwa zawo zinali zoona. Mpando wa Rietveld ndi wamfupi, wopendekera kumbuyo, woti munthu apumirepo. M'tiyirumu mumabwera agogo a mawondo olimba, amayi a ana kumsana, anthu ofuna kufikira kapu patebulo. Choncho anakweza pokhalira ndi kuwongolako potsamira. M'mphepete monse anazungulizamo ndi sandipepala kuti chitenje chisakodwe. Poti kuno chiswe sichigona, kunsi kwa miyendo anakhomako tizidutswa ta mlombwa totsala m'shedi kuyambira kalekale, atatinyika m'oilo wakutha wa galimoto. Mabowo akale a misomali sanawatseke onse. Ena anawasiya kuti aoneke. Kunsi kwa pokhalira anawotchapo chizindikiro chawo ndi chitsulo chamoto, ndipo aliyense wofunsa amamuuza mosabisa kuti nzeru yake ndi ya Rietveld, miyeso ndi manja ndi za ku Rivirivi.

Penti anasankha ndi achemwali. Ataona chithunzi cha mpando wofiira ndi wabuluu uja m'foni, anakana vanishi amene amalume ankafuna.

"Malume, vanishi ndi wa mabokosi anu aja. Ine ndikufuna wofiira, wabuluu ndi wachikasu, woti munthu ali pa njinga aziona ali kutali."

"Iwe mwana, paini wokongola chonchi umuphimbe?"

"Iwiri muisiye yoyera, ikhale yanu. Inayo ndi yanga."

Anagwirizana choncho. Mipando 8 inatuluka m'shedi: iwiri ya vanishi, iwiri yofiira, iwiri yabuluu, iwiri yachikasu, ndi matebulo awiri a matabwa omwewo. Amayi ena a m'mudzi, amene amaluka mikeka ndi mlaza wa m'chigwa cha Shire, analuka timikeka ting'onoting'ono toyala pokhalira. Mchimwene atationa anati ku Johannesburg ndi ku Cape Town mipando yolukidwa ndi Amalawi, ya nsungwi ija, imagulitsidwa m'mbali mwa misewu ndi m'masitolo apamwamba omwe, ndipo kumeneko imadziwika ndi dzina la dziko lathu. Yathu ikupita uko, yawo ikubwera kuno, ndipo pampando umodzi wa patiyirumu ya achemwali ziwirizi zakumana.

Usiku woti mawa mipando ilowa, achemwali anatulutsa zonse zakale. Anapaka laimu makoma, anazira pansi, anachapa nsalu ya pakhomo. Benchi la chiswe lija linapita pamoto wophikira masikono. M'mawa mwake mipando inabwera pamitu pa ana a sukulu, mndandanda wofiira, wabuluu, wachikasu kutsata njira ya m'mbali mwa mtsinje, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona.

Koma palibe amene anafuna kukhala woyamba. Anthu amene agwapo pampando pagulu saiwala msanga. Anaima mozungulira, akugogoda matabwa ndi zala, akuwerenga masikuluwu. Amalume anatuma mwana kukaitana bambo wina wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika, munthu wathupi amene anathyolapo mipando ya pulasitiki yosawerengeka m'dera lonselo ndipo eni maukwati amachita kumukonzera mtondo wofulatitsa. Anabwera akupukuta manja pa epuloni.

"Akulu, khalani apa," anatero amalume, akuloza wofiira.

"Mukandigwetsa mundilipira mbuzi, amisiri."

"Mukauthyola ndikulipirani ziwiri."

Anatembenuka, anagwira poika mikono, anatsika pang'onopang'ono ngati nkhuku yokhalira mazira. Mpando unangoti zii. Anatsamira. Anadzigwedeza kumanja, kumanzere. Anakweza miyendo yonse iwiri m'mwamba. Ngakhale kulira kwa thabwa sikunamveke. Mayi wina anaimba nthungululu, ana anakuwa, ndipo bamboyo anamenya poika mkono ndi chikhatho n'kufuula kuti, "Mayi, tiyi wamkaka ndi masikono awiri, ndipo sindikudzuka pano!" Mipando yotsalayo inadzaza nthawi yomweyo, ena akukanganirana wachikasu.

Bwerani lero mudzaone. Akabaza amaimika njinga mondondozana n'kukhala pansi, chipewa pabondo. Alimi a thonje ndi nandolo anasamuka pansi pa nimu paja. Mitengo ya pamsika, nkhani za makuponi a feteleza ndi za mvula zimakambidwira patebulo la achemwali, ndipo nkhani ikatalika ketulo imabwereranso pambaula. Wina anabweretsa bawo, ndipo sinabwererenso kwawo. Tsiku limene Bullets ikusewera ndi Wanderers, a Bullets amathamangira mipando yofiira, a Wanderers yabuluu, ndipo osakonda mpira amakhala pa yachikasu pakati n'kumaletsa ndewu. Zimenezi palibe anazikonza, zinangochitika Loweruka lina, ndipo achemwali anaseka mpaka misozi. Ufa wa masikono umene unkatha sabata tsopano sufika Lachisanu. Analemba ntchito mtsikana wowathandiza kutsuka makapu, anawonjezera thobwa ndi mbatata yowotcha, ndipo madzulo amatulutsa mipando iwiri ya vanishi ija pakhonde kuti akuluakulu azikhala moyang'ana msewu. Amayi opita kuchigayo, amene kale sankalowa n'komwe m'tiyirumu, amatula matumba pakhomo n'kupumira m'katimo, mwana ali pamiyendo.

Chimene chimandisangalatsa koposa chili kushedi. Oyamba kuitanitsa anali aphunzitsi aakulu a pasukulu ina yapafupi, ofuna mipando iwiri ya pakhonde. Kenako akomiti ya mzikiti anafunsa mabenchi a ana a madrasa a kapangidwe komweko. Kenako mtsikana wina wokonzekera ukwati anabwera ndi amayi ake, nati safuna sofa ya nsalu yosunga nsikidzi, akufuna inayi yabuluu ndi katebulo. Amalume anatenga anyamata awiri ophunzira ntchito, mmodzi womasula mapaleti, wina wa sandipepala. Mabokosi a maliro akadakhomabe, pakuti mudzi sungakhale opanda mmisiri wa ntchito imeneyo, koma anawasunthira kuseri. Kutsogolo kwa shedi tsopano kumakhala mipando youma penti padzuwa, ndipo mluzu wawo umamveka usanafike n'komwe pakhomo. Mchimwene, amene ankati apuma miyezi iwiri n'kubwerera ku Joni, pasipoti yake ili m'sutikesi. Ndi iye amayenda ku Balaka ndi ku Liwonde kusaka mapaleti a chidindo cha HT, ndipo eni masitolo, ataona kuti zinthuzo zili ndi ntchito, ayamba kukweza mtengo.

Tsopano amalume agwidwa ndi mpando wina. Akufufuza m'foni ya mchimwene anapeza Zig-Zag, wa Rietveld yemweyo, wa m'zaka zomwezo za m'ma 1930, umenenso Cassina imaupanga mpaka lero. Ulibe miyendo. Ndi matabwa anayi okha: lina lagona pansi, lina lakwera mopendeka, lina pokhalira, lina potsamira. Ukauyang'ana umati munthu akangokhalapo upindika n'kumutsitsa pansi. Chinsinsi chake chili m'makona, mmene muli timitengo ta nsonga zitatu tolimbitsa, tomangidwa ndi guluu ndi mabawuti, ndiponso mano olumana pakati pa pokhalira ndi potsamira. Apa ndiye chizelo cha amalume chapeza ntchito yake. Paini wa mapaleti anamukana, akuti ndi wofewa. Anagula chitseko chakale cha mbawa kwa munthu amene ankagwetsa nyumba ya makolo ake, anachidula panayi, ndipo mano aja akhala akuwasema madzulo anyamata ataweruka. Mabawuti anatuma mchimwene kukagula ku Balaka.

Wogulitsa nyama uja anamva. Anafika kushedi, anazungulira matabwa anayiwo, anagwedeza mutu.

"Amisiri, uwu wokha ndiye mundilipira mbuzi."

"Loweruka m'mawa patiyirumu, akulu," anatero amalume osakweza maso pa chizelo. "Mubwere mutadya."